Zoyala m'khola la mbira: mafunso ndi mayankho kwa oweta a m'malokeshoni a Blantyre

M'malokeshoni a mzinda wa Blantyre monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, kumene nyumba n'zothinana ndipo mabanja ambiri amakhala pa lendi, mbira ndi chimodzi mwa ziweto zochepa zimene munthu angasunge osakangana ndi mwini nyumba, popeza sizifuna malo aakulu, sizisokosa m'bandakucha ngati tambala, ndipo chakudya chake chachikulu ndi udzu ndi masamba. Chimene chimavuta msanga ndi pansi pa khola, chifukwa kumudzi mbira zinkakhala m'khitchini ya dothi limene linkamwa mkodzo lokha, pamene m'tauni zimakhala pa simenti, m'bokosi la matabwa kapena pakhonde, pomwe chinyezi chilibe kolowera.

Kodi mbira ikunenedwa pano ndi iti, ndipo n'chifukwa chiyani pansi pa khola lake pamafunika chisamaliro chotere?

Dzina lakuti mbira m'Chichewa limatchula nyama ziwiri zosiyana mtundu: ija ya m'matanthwe a m'mapiri, imene nthano za makolo zimati inasowa mchira chifukwa chotuma anzake kukaitengera, ndi iyi yoweta, imene asayansi amaitcha Cavia porcellus. Yowetayi kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, kumene anthu a ku Peru, Bolivia ndi Ecuador akhala akuiweta kwa zaka zikwi zingapo ngati ndiwo, ndipo inafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Mbira yaikulu imalemera pakati pa magalamu 700 ndi 1,200, ndipo pa tsiku imamwa madzi okwana pafupifupi mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kuwonjezera pa madzi a m'masamba monga kholowa, chisoso ndi makoko a nthochi. Izi zikutanthauza kuti khola la mbira zinayi limalandira mkodzo wochuluka tsiku lililonse, ndipo nyamayi sisankha kwenikweni pokodzera, ngakhale kuti imakonda m'makona ndi pamene ikudyera.

Kunsi kwa mapazi a mbira kulibe ubweya, choncho khungu lake likakhalitsa pachinyezi limafewa, limang'ambika, ndipo tizilombo ta mtundu wa bakiteriya, makamaka Staphylococcus aureus, timalowa n'kuyambitsa zilonda zotupa za kuphazi zimene madokotala a ziweto amazitcha pododermatitis, nthenda yochedwa kupola imene ikalekereredwa imafika mpaka ku fupa. Vuto lachiwiri ndi mpweya. Mabakiteriya akamaphwanya mkodzo amatulutsa amoniya, mpweya uja woswa mphuno umene umamveka m'chimbudzi chosasamalidwa, ndipo popeza mphuno ya mbira imakhala pafupi kwambiri ndi pansi, imaupuma nthawi yonse, njira zake zopumira zimapsa, ndipo chibayo chimapeza khomo lotsegula. Munthu woimirira akayamba kumva fungo, ndiye kuti mbira yakhala ikulipuma kwa nthawi yaitali.

Nsalu ya fleece imene imayalidwa m'khola la mbira ndi yotani, ndipo ngati simwa madzi, ikuthandiza bwanji?

Fleece ndi nsalu ija yofewa, yopepuka ndi yofunda imene amasokera majuzi a m'nyengo yozizira ndi timabulangete ta ana, ndipo imapezeka yambiri m'milu ya kaunjika mumsika wa Ndirande, wa Limbe ndi wa Blantyre, komanso m'masitolo a DAPP. Inayamba kupangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kampani ya Malden Mills ku Massachusetts m'dziko la America, ndipo ulusi wake ndi poliyesitala, amene kwenikweni ndi pulasitiki wa mtundu womwewo wa mabotolo a zakumwa. Ulusi wa poliyesitala sukonda madzi: pa mpweya wa chinyezi chapakati umasunga madzi osakwana gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwake, pamene thonje limasunga magawo pafupifupi 8.

Ubwino wake uli pomwepo. Mkodzo ukagwera pa fleece yokonzedwa bwino sulowa mu ulusi, koma umadutsa m'mipata ya pakati pa ulusiwo n'kukokedwa ndi nsalu yomwa madzi imene ili kunsi kwake, kotero kuti pamwamba pamene mbira ikuponda pamauma msanga. Fleece yoyalidwa yokha pa simenti kapena pa pulasitiki ilibe phindu lililonse, chifukwa madzi amakhala opanda kopita ndipo amabwerera m'mwamba nyama ikangoponda. Choncho choyala chokwanira chimakhala ndi zigawo zitatu: fleece pamwamba yodutsitsa madzi, nsalu yomwa madzi pakati, ndi chotchinga kunsi choteteza matabwa kapena simenti. Mayi aliyense amene analera mwana ndi thewera la nsalu ndi kabudula wa pulasitiki amaidziwa kale njira imeneyi, kungoti pano pawonjezeredwa nsalu yapamwamba yosiyanitsa khungu ndi chinyezi.

Nanga pakatipo payenera kuikidwa chiyani?

Apa ndi pamene malangizo ambiri ochokera kunja amasokeretsa woweta wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni. Oweta a ku America amatchula mabulangete okutira katundu posamuka a kampani ya U-Haul, opangidwa ndi zidutswa za nsalu ya jinzi, kapena nsalu yapadera yotchedwa Zorb, ndipo funso lawo lalikulu ndi lakuti ndi nsalu iti imene imamwa madzi ambiri, chifukwa iwo ali ndi makina ochapira ndi oumitsira. Kwa munthu wochapa ndi manja m'beseni, wogula madzi pa kiyosiki ndi woyanika pa chingwe cha pabwalo la anthu ambiri, funso loyenera ndi lina: ndi nsalu iti imene imamwa zokwanira, imafinyika ndi manja, ndipo imauma tsiku lomwelo. Nsalu yomwa madzi ambiri koma yotenga masiku atatu kuti iume imabwezedwa m'khola ikadali yonyowa, ndipo pamenepo imakhala yoipa kuposa kusayala kanthu.

Pa muyeso umenewu, patsogolo pamabwera matawulo akale a thonje ndi matewera a nsalu. Ulusi wa thawulo unalukidwa mokhala ndi timagoba tambirimbiri timene timachulukitsa malo ogwira madzi, ndipo thawulo lakale limamwa bwino kuposa latsopano chifukwa mafuta a kufakitale anachoka kale pochapachapa. Thawulo lopyapyala lopindidwa pawiri kapena patatu limaposa limodzi lochindikala, popeza pochapa limatambasulidwa n'kuuma ngati nsalu imodzi. Kuipa kwa thawulo n'kwakuti timagoba take timakola zikhadabo, ndipo likatha limatulutsa ulusi wautali umene ungazenge chala cha mbira n'kuletsa magazi kuyenda, kapena kumezedwa n'kutseka matumbo; n'chifukwa chake thawulo liyenera kubisika lonse kunsi kwa fleece ndipo m'mphepete mwake muyenera kupindiridwa ndi kusokedwa.

Pambuyo pa matawulo pamabwera nsalu zina za thonje: mashiti a pabedi a ubweyaubweya, malaya a thonje odulidwa n'kusanjikizidwa, ndi jinzi yakale. Jinzi imalimba ndipo siitha msanga, koma imachedwa kumwa komanso kuuma, choncho imagwira bwino ntchito ikakhala kunsi kwa thawulo, osati pamwamba pake. Chitenje chikufunika kusamala nacho. Zitenje za thonje lenileni, monga zimene fakitale ya David Whitehead and Sons, imene tsopano imatchedwa Mapeto, inadziwika nazo kufupi ndi Ndirande, zimamwa madzi zikachapidwa kangapo n'kusanjikizidwa kanayi kapena kasanu, koma zitenje zambiri zotsika mtengo za masiku ano ndi za poliyesitala ndipo madzi amangotsetsereka pamwamba pake. Tinsalu topukutira magalimoto ndi magalasi totchedwa microfibre timamwa mofulumira kwambiri ndipo timauma msanga, koma tikapanikizidwa timatulutsanso madziwo monga siponji, timasunga fungo, ndipo sitiyenera kukhudzana ndi mapazi a mbira chifukwa timaumitsa ndi kukanda khungu. Malo ake ndi m'makona okodzeredwa kwambiri, kunsi kwa fleece ndi pamwamba pa thawulo.

Chiguduli, thumba lija la ulusi wa mbewu, chimamwa pang'ono ndipo chimauma msanga padzuwa, kotero chingathandize ngati chigawo chapansi, pokhapokha ngati mbiri yake ikudziwika. Chiguduli chimene munali fodya chimakhala ndi chikonga, ndipo thumba limene munali chimanga chothiridwa mankhwala a anankafumbwe monga Actellic limasunga fumbi la mankhwalawo.

Pa kaunjika, munthu angadziwe bwanji kuti nsalu ndi ya thonje lenileni?

Kachikwangwani kosokeredwa m'mbali kakakhalapo kamanena zoona nthawi zambiri, ndipo mawu ofunika kuwaona ndi akuti cotton pa nsalu yapakati ndi polyester pa yapamwamba. Kakakhala kuti kanadulidwa, dontho la madzi limaweruza: pa thonje lakale limalowa nthawi yomweyo n'kufalikira, pamene pa poliyesitala limakhala kaye ngati mkanda. Kunyumba, kachidutswa kakang'ono kakhoza kuwotchedwa ndi machesi pamalo otetezeka, chifukwa thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa, pamene poliyesitala imakwinyika, imasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Woweta wofuna kuyerekeza nsalu ziwiri angazidule mofanana, kuzithira madzi ofanana ndi botolo limodzi, kuona imene yayamba kudontha, kenako kuzifinya n'kuziyanika pamodzi. Yoyamba kuuma mwa zimene zinasunga madziwo ndiyo yoyenera kugulidwa yambiri.

Fleece nayo si yonse imene imadutsitsa madzi. Yopyapyala ya timabulangete wamba ndiyo yabwino, pamene mabulangete aja olemera a ubweya wautali onyezimira amagwira mkodzo mu ubweya wawo, ndipo majekete ena a fleece anaikidwa kansalu kotchinga mphepo ndi mvula mkati, kamene kamatchinganso mkodzo.

Ndi zinthu ziti zimene zimaoneka ngati zingathandize koma n'zoopsa?

Mano a mbira amakula moyo wake wonse, choncho imatafuna chilichonse chimene yachipeza, ndipo chinthu chilichonse choikidwa m'khola chiyenera kuganiziridwa ngati chimene tsiku lina chidzadyedwa. Siponji ya matiresi akale imamwa mkodzo wambiri koma siuma mkati, imasanduka nkhokwe ya amoniya, ndipo zidutswa zake zikamezedwa sizigayika. Matewera otaya a ana ali ndi ufa umene umafufuma n'kukhala ngati phala ukakumana ndi madzi, ndipo ungachite chimodzimodzi m'mimba. Thonje losaluka, ngakhale lingapezeke kwa achibale a ku Chikwawa kapena ku Balaka, limaundana likanyowa ndipo silichapika. Matumba a feteleza ndi a pulasitiki wolukidwa, samwa kanthu, ndipo amayoyoka timizere tolimba. Manyuzipepala ndi makatoni amamwa msanga koma amafumbwa msanganso n'kuchita nkhungu, kotero angagwiritsidwe ntchito kwa tsiku limodzi lokha pamene nsalu zili pachingwe.

Phulusa likufunika kulitchula palokha, chifukwa mwambo wothira phulusa m'chimbudzi umachititsa ena kulithiranso m'khola. Mkodzo wa mbira ndi wa mtundu wa soda kale, osati wowawasa, ndipo phulusa limawonjezera khalidwe lomwelo, limene limathandiza amoniya kutuluka m'madzi n'kukwera mumpweya. Kuwonjezera apo, phulusa lonyowa ndi chidulo chenicheni, chimene chimadya khungu la kuphazi.

Kodi zigawo zitatuzi zisokedwe pamodzi kapena zisiyidwe padera?

Choyala chosokedwa chonse pamodzi chimaoneka bwino ndipo sichisuntha, koma ku Blantyre nyengo imachitsutsa. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula imatha kugwa masiku otsatizana, ndipo mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ka nkhungu ndi mphepo yozizira kamene kanatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kamene kamaphimba mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe mpaka zovala za pachingwe kukhala zosauma masiku awiri kapena atatu. Fleece payokha imauma m'maola ochepa ngakhale kulibe dzuwa, koma ikasokeredwa ku matawulo atatu ndi pulasitiki kunsi, mpweya sudutsa ndipo mkati mumakhala monyowa pamene kunja kukuoneka kouma.

Njira yoyenera malo ano ndi yosoka fleece ngati chikwama cha pilo chotseguka mbali imodzi, kuti matawulo azilowetsedwa ndi kutulutsidwa, ntchito imene telala aliyense wa pakhonde angaichite mosavuta. Pulasitiki wochindikala, lona kapena kapeti wa pulasitiki wa pansi aziyalidwa payekha kunsi, m'mphepete mwake mobisika, kuti azingopukutidwa. Nsalu za thonje ziyenera kuchapidwa kaye zisanadulidwe, chifukwa thonje limafupika pochapa pamene poliyesitala sifupika, ndipo chikwamacho chikhale chachikulu pang'ono kuposa pansi pa khola kuti m'mbali mwake mupanikizidwe ndi njerwa kapena thabwa, popeza mbira imakonda kulowa kunsi kwa nsalu. Pa khola lililonse pamafunika zoyala zosachepera ziwiri, ndipo m'dzinja zitatu. Kukula kwa khola nako kumakhudza nkhaniyi, chifukwa mbira ziwiri zimafunika malo oyandikira sikweya mita imodzi, ndipo zikapanikizana pamalo ochepa palibe nsalu imene ingapirire mkodzo wake.

M'mwezi wa Okutobala vuto limatembenuka. Mbira imakhala bwino pa kutentha kwa pakati pa madigiri 18 ndi 24, ndipo kukapitirira 28 imayamba kuvutika, kotero kuti khola la fleece lokhala pansi pa denga la malata nthawi imeneyo liyenera kukhala ndi kona ya thailosi kapena mwala wosalala pamene nyama ingagone kuti izizidwe.

N'chifukwa chiyani nthawi zina mkodzo umangokhala pamwamba pa fleece osalowa?

Fleece yatsopano imachoka kufakitale itapakidwa mankhwala oifewetsa, ndipo ya pa kaunjika nthawi zambiri inachapidwa ndi madzi onunkhiritsa ndi kufewetsa zovala, a mtundu wa Sta-Soft, amene amasiya kamafuta kokuta ulusi n'kumakankha madzi. Iyenera kuchapidwa katatu kapena kupitirira m'madzi ofunda ndi sopo wa ufa pang'ono, kutsukuluzidwa bwino ndi kuumitsidwa nthawi iliyonse, kenako kuyesedwa poiyala pa thawulo n'kuthirapo sipuni ya madzi; madziwo akalowa m'kamphindi n'kusiya pamwamba pouma, nsaluyo yakonzeka. Kuyesa popanda thawulo kunsi kumanamiza, chifukwa palibe chokoka madziwo. Sopo wolimba wopaka pa nsalu amasiyanso kamafuta akakumana ndi mchere wa mumkodzo, choncho fleece imene kale inkadutsitsa madzi ikhoza kuleka, ndipo mankhwala ake ndi kuiviika m'madzi a viniga pang'ono n'kuitsukuluza.

Zoyalazi zizichapidwa bwanji kumene madzi ndi ogula?

Madzi a mumzinda wa Blantyre ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire n'kukwezedwa mtunda wautali, ndipo madera okwera amadziwa bwino masiku amene mipopi imauma, choncho ndondomeko ya kuchapa iyenera kukhala yosunga madzi. Ndowe za mbira n'zouma ndipo zimakhala pamwamba pa fleece, kotero zimasesedwa kawiri pa tsiku ndi katsache kapena bulashi n'kukathiridwa ku dimba la masamba, kumene ndi manyowa abwino. Tinsalu tating'ono toikidwa m'makona tisinthidwe tsiku lililonse, ndipo tikatero choyala chachikulu chimatha kukhala masiku atatu kapena anayi. Asanachiviike, woweta achikutumule kuti udzu ndi ubweya zichoke, achitsukuluze koyamba ndi madzi otsala pochapa zovala, kenako achichape ndi sopo m'beseni lakelake, losiyana ndi la zovala za ana ndi la mbale, chifukwa mbira zingathe kupatsira anthu chipere ndi mabakiteriya a Salmonella. Kuchapira zoyalazi mumtsinje monga Nasolo kapena Mudi kumawonjezera zonyansa m'madzi amene ena akugwiritsa ntchito kumunsi.

Zoyera zouma zimene zimamatirira pa nsalu ndi pa pulasitiki ndi laimu wa mumkodzo, amene viniga amasungunula. Pamenepa pali ngozi imodzi yofunika kuidziwa: mankhwala oyeretsera a klorini monga Jik sayenera kusakanizidwa ndi viniga, ndiponso sayenera kuthiridwa pa nsalu yodzaza mkodzo isanatsukuluzidwe, chifukwa m'njira zonse ziwiri mumatuluka mpweya wapoizoni umene m'bafa yotseka ungapweteke mapapo a munthu.

Nanga utuchi wa akalipentala ndi udzu wouma si zophweka kuposa nsalu?

Kwa woweta wa mbira khumi kapena makumi awiri za ndiwo kapena zogulitsa, n'zophweka ndithu, ndipo kunena kuti fleece ndi yoyenera aliyense kungakhale kunama, popeza kuchapa kwake kungathe madzi ndi sopo woposa mtengo wa nyamazo. Fleece imapindulitsa pa khola la mbira ziwiri kufika zinayi lokhala m'nyumba kapena pakhonde, ndi pa mbira yodwala mapazi kapena yovutika kupuma. Gulu lalikulu limakhala bwino pa zopala za matabwa zokutidwa ndi udzu wouma wochuluka, umene ulinso chakudya, ndipo zonsezo zikanyowa zimapita ku manyowa.

Komabe si zonse zochokera kwa akalipentala a ku Ndirande zimene zili zabwino. Utuchi wosalala wa ku macheka ndi fumbi lolowa m'mphuno ndi m'maso, choncho zofunika ndi zopala zikuluzikulu zotuluka ku puleni, zosefedwa ndi zoyanikidwa. Mitengo ya fungo lamphamvu ili ndi mafuta ouluka amene amakhudza thupi la nyama zazing'ono. Mu 1967 Elliot Vesell anaonetsa kuti mbewa ndi makoswe osungidwa pa zopala za mitengo ya mtundu wa paini ndi mkungudza ankasintha kagwiridwe ntchito ka chiwindi. Motero zopala za mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene n'ngotetezedwa kale ndi boma, n'zosayenera, za bulugamu chimodzimodzi, ndipo za paini ziyenera kuyanikidwa padzuwa mpaka fungo la utomoni litatha. Za matabwa othiridwa mankhwala a chiswe, aja obiriwira, ndi za matabwa opakidwa penti kapena vanishi zisalowe m'khola konse. Madeya ndi makoko a mtedza amamwa madzi, koma akanyowa amachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, ndipo popeza mbira imawadya, sayenera kuyalidwa pansi pa khola.

Woweta angadziwe bwanji kuti nsalu yapakati yalephera ntchito?

Chikhatho choikidwa mwamphamvu pa fleece m'kona ya khola chiyenera kuchoka chouma, ndipo chikachoka chonyowa ndiye kuti matawulo adzaza kapena ndi ochepa. Mbira nazo ziyenera kunyamulidwa kamodzi pa sabata kuti ziyang'anidwe kunsi: mapazi akhale osalala, opanda kufiira kapena kutupa, ubweya wa kumimba ndi kumbuyo ukhale wouma wosamatana, ndipo mphuno isatuluke mamina. Phazi likayamba kufiira, zoyala zisinthidwe tsiku lililonse ndipo pawonjezeredwe thawulo lina, koma likatupa kapena kuchita chilonda nyamayo ionetsedwe kwa dokotala wa ziweto, osati kupatsidwa mankhwala otsala a anthu, chifukwa penisilini ndi mankhwala a mtundu wake monga amoxicillin amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo a mbira ndipo nyamayo ikhoza kufa m'masiku ochepa.